Tafunsani Tiyankhe: Kampani ya mashedi ikagulidwa ndi inzake, phindu ndi masheya zimathera kuti?

FUNSO: Achimwene, ine kwathu ndi ku Mangochi koma ndili kuno ku Joni chaka chachisanu tsopano, ndimagwira ya ulonda pa mall ina yake ku Johannesburg. Nde pamene ndimaima ine pamayang'anizana ndi shopu ya Sunglass Hut, tsiku lonse maso amangokhala pa mashedi basi, Ray-Ban, Oakley, Prada, Versace, ena mtengo wake mpaka R3,000 ena kupitirira pamenepo. Tsiku lina mtsikana wogulitsa m'menemo anandiuza kuti mayina onsewo mwini wake ndi mmodzi ndipo shopuyonso ndi yake yomweyo, komanso akuti Oakley inali kampani yoima payokha kenako inachita kumezedwa. Ine zinandivuta kukhulupirira. Panopa ndayamba kusungako kangachepe ndipo maganizo anga ndi oti ndizigula masheya, nde ndimafuna mundimasulire, kampani ikagulidwa chonchi phindu lake limakwera kapena limatsika? Nanga amene anali ndi masheya a Oakley anadyapo bwino kapena anapsa?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mtsikanayo sanakunamizeni, kungoti pali pang'ono pofunika kuwongola. Ray-Ban, Oakley, Persol ndi Sunglass Hut zonsezo ndi za kampani imodzi, panopa imatchedwa EssilorLuxottica, kale inkangotchedwa Luxottica. Koma Prada ndi Versace mayinawo si ake ayi, iyo imangolipira eni ake kuti izipanga magalasi n'kumatapo dzinalo, chimodzimodzinso Chanel, Armani, Burberry ndi Dolce & Gabbana. Ndiye zimene mukuziona pa shelefu ngati makampani khumi amene akulimbirana kasitomala, ambiri mwa iwo ndalama yake ikukathera m'thumba limodzi.

Luxottica anaiyambitsa ndi Leonardo Del Vecchio mu 1961 m'katauni ka Agordo kumapiri a kumpoto kwa Italy, munthu amene anakulira kumalo osungirako ana amasiye ku Milan ndipo anayamba ndi kasemasema wa tizitsulo, kupangira ena tizipangizo ta mafelemu a magalasi. Bamboyu anazindikira msanga kuti pa geni ya magalasi wopanga sadya kwambiri, wodya ndi amene ali ndi khomo lolowera kasitomala. Nde anayamba kugula mashopu. Mu 1995 anagula LensCrafters ya ku America, ndipo pofuna kuipeza anachita kugula kampani yonse ya nsapato yotchedwa US Shoe imene inali mwini wake, mabwana a kampaniyo asakufuna, kenako nsapatozo n'kuzigulitsa iye n'kutsala ndi mashopu a magalasi. Mu 1999 anagula Ray-Ban kwa Bausch & Lomb pa madola 640 miliyoni. Mu 2001 anagula Sunglass Hut. Chaka chimenechi muchisunge m'mutu chifukwa nkhani ya Oakley yagona pamenepo, osati mu 2007 pamene anthu ambiri amayambira.

Oakley nayo ili ndi chiyambi chosangalatsa. Jim Jannard anaiyambitsa mu 1975 ku California ndi mpamba wa madola 300 okha, dzinalo anatengera la galu wake, ndipo sanayambe ndi magalasi ayi, ankapanga timphira togwirira pa mahandulo a njinga zamoto. Mashedi anabwera cha m'ma 1984, othamanga pa njinga ngati Greg LeMond atayamba kuwavala dzina linabuka, ndipo mu 1995 kampaniyo inalowa pa msika wa masheya wa New York. Inali kampani yonyada ndithu, yopanga zinthu zake mwa njira yakeyake ku Foothill Ranch, yosafuna kuuzidwa zochita. Koma inali ndi pofooka pamodzi. Kasitomala wake wamkulu kuposa onse anali Sunglass Hut, moti pa magalasi asanu alionse amene Oakley inkagulitsa, amodzi ankadutsira m'mashopu amenewa.

Tayerekezani mlimi wa tomato wa ku Lizulu amene zaka zonse amagulitsa mabasiketi ake ambiri kwa wopikula mmodzi yemwe ali ndi mabenchi abwino onse a kukhomo la msika. Ndiye tsiku lina akumva kuti mabenchi onse aja wagula ndi mlimi mnzake wa munda waukulu amene nayenso amalima tomato yemweyo. Mwini watsopanoyo akubwera n'kunena kuti tomato wako ndizitengabe koma unditsitsire mtengo, ukakana pa benchi ndiyalapo wanga. Zimenezi ndi zomwe zinaionekera Oakley mu 2001. Luxottica itangotenga Sunglass Hut panabuka mkangano wa mtengo wopikulira, Oakley inakana kutsitsa, Sunglass Hut inadula maoda, ndipo Oakley italengeza mu Ogasiti chaka chomwecho kuti malonda ake asokonekera, mtengo wa sheya yake unagwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi yomweyo.

Apa mpamene ndikufuna mumvetse bwino chifukwa inu mukufuna kuyamba kugula masheya. Tsiku limenelo fakitale ya Oakley sinapse, magalasi ake anali omwe aja, antchito anali omwe aja. Chimene chinasintha ndi chiyembekezo cha anthu pa phindu la mawa. Sheya ndi kachidutswa ka umwini wa kampani, ndipo amene akuigula sakugula makoma a fakitale koma gawo la phindu limene akuganiza kuti libwera kutsogoloku, nde akangomva kuti kasitomala wamkulu wachoka aliyense amathamangira kugulitsa ndipo ogula amasowa, mtengo n'kugwa. Komanso kampani ngati imeneyi ili ndi zolipira zimene sizitsika ngakhale malonda atsike, malipiro a antchito, makina, kutsatsa malonda, akatswiri a masewera amene inasainirana nawo, ndiye malonda akatsika pang'ono phindu limatsika kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake msika umachita mantha msanga chonchija.

Oakley sinangokhala pansi ayi, inayamba kutsegula mashopu akeake ambiri, inagula timashopu tina ta mashedi ta m'ma mall, inafunafuna ogulitsa ena, ndipo kumapeto kwa 2001 iyo ndi Luxottica anasainirananso mgwirizano magalasi n'kubwerera pa shelefu. Mu 2006 inagulanso Oliver Peoples, dzina la magalasi odula a ku Los Angeles. Koma khoswe anali atakhala kale pa mkhate, sikukanatheka kumenyana ndi Luxottica popanda kuswa malonda ake omwe, poti mashopu ofunikira anali m'manja mwa yemweyo amene ikupikisana naye.

Ndiye mu Juni 2007 kunabwera chilengezo choti Luxottica ikugula Oakley yonse pa madola pafupifupi 2.1 biliyoni, sheya iliyonse $29.30 ndalama yapamanja. Sheyayo dzulo lake inkagulitsidwa pa madola 25 ndi tima senti, kutanthauza kuti anaonjezerapo pafupifupi 16 peresenti pamwamba. Anthu ena amakamba ngati Oakley inalandidwa mokakamiza, koma pa pepala sizinali choncho, bodi ya Oakley inavomera ndipo Jannard mwini wake, amene anali ndi masheya opitirira 60 peresenti, anagwirizana nazo. Munthu mmodzi akakhala ndi gawo lalikulu chotero nkhani imatha iye akangogwedeza mutu, enawo amangotsatira. Mu Novembala 2007 zonse zinatheka ndipo dzina la Oakley linafufutidwa pa msika wa New York. Jannard anatuluka ndi ndalama zoposa biliyoni imodzi n'kupitiriza ndi kampani yake ina ya makamera a mafilimu yotchedwa RED.

Tsono amene anali ndi masheya anadyapo kapena anapsa? Zimatengera kuti munthuyo analowa liti. Amene anagula sheya itagwa mu 2001 n'kupirira zaka 6 anatuluka akumwetulira kwambiri. Amene anagula mwezi umodzi chilengezo chisanabwere anapezako kangachepe kake mosavutikira. Amene anali ndi masheya 1,000 analandira $29,300 basi nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa akakugula ndi ndalama yapamanja ubale wako ndi kampani umatha, phindu lonse limene Oakley yapanga kuyambira 2008 mpaka lero iwe sulinunkhanso. Ine pamenepa mpamene ndimaona kuti anthu ambiri samaganizirapo, amangosangalala ndi 16 peresenti ija osafunsa kuti kodi wogulayo akuona chiyani chimene chamupangitsa kulipira mtengo woposa wa pamsika. Palibe amene amaonjezera ndalama chifukwa cha chifundo. Oakley mu 2006 inagulitsa katundu wa madola 762 miliyoni, nde Luxottica inalipira pafupifupi katatu ndalama zonse zimene kampaniyo inkatolera pa chaka, osati phindu ayi koma zotolera zonse, ndipo inkauza eni masheya ake kuti pakatha zaka zitatu kuphatikizanaku kuzibweretsa mayuro pafupifupi 100 miliyoni owonjezera chaka chilichonse.

Ndalama imeneyo imachokera kuti? Gawo lalikulu ndi lomwe lija la benchi. Tingoyerekeza kuti magalasi atuluka m'fakitale pa 100, shopu ikugulitsa pa 200. Kale fakitale inkadya phindu lake pa 100 yoyambayo, shopu n'kudya lake pa 100 yachiwiriyo, ndipo tsiku ndi tsiku ankakokana kuti malire akhale pati. Mwini akakhala mmodzi kukokanako kumatha, mapindu onse awiri amagwera m'mbale imodzi ndipo palibenso womuumiriza kutsitsa mtengo. Kwina ndi kuchotsa zimene zikubwerezabwereza, maofesi awiri owerengera ndalama kukhala imodzi, nyumba zosungiramo katundu kuphatikiza, kugula zipangizo pamodzi motchipa, ndipo tisabise, mawu amenewa kumbuyo kwake kumakhala anthu amene achotsedwa ntchito. Kwinanso Oakley inali yamphamvu ku America koma yofooka ku Ulaya ndi maiko ena, pamene Luxottica inali kale ndi njira zofikitsira katundu kulikonse, kuphatikizapo mashopu a ku South Africa ngati imene mumayang'anizana nayo inuyo.

Koma musaganize kuti wogula amayamba kudyerera mawa lake. Luxottica inagula Oakley ndi ngongole, ndipo chaka chotsatira chuma cha dziko lapansi chinagwedezeka ndi mavuto a mabanki a ku America a mu 2008, anthu anasiya kugula zinthu zodzikongoletsera. Zotolera za Luxottica zinakwera kuchoka pa mayuro pafupifupi 5 biliyoni mu 2007 kufika 5.2 biliyoni mu 2008 chifukwa malonda a Oakley anali atalowamo, koma phindu linatsika kuchoka pa 492 miliyoni kufika 380 miliyoni, mu 2009 n'kutsikanso kufika cha pa 315 miliyoni, chiwongola dzanja cha ngongole ija chikudya nawo. Sheya ya Luxottica inataya kupitirira theka la mtengo wake pakati pa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2009. Moti munthu amene anagulitsa Oakley n'kusunga ndalama yake nthawi imeneyo ankaoneka wanzeru kuposa onse, pamene amene anagula Luxottica chifukwa chomva kuti yameza Oakley anakhala zaka zingapo mtima uli m'mwamba. Zinthu zinadzatembenuka pambuyo pake, pofika 2017 Luxottica inkatolera mayuro oposa 9 biliyoni pa chaka ndipo phindu linadutsa biliyoni imodzi.

Funso lanu loti phindu la Oakley yeniyeniyo linakwera kapena linatsika lili ndi kovuta kwake, chifukwa kampani ikamezedwa simatulutsanso mabuku akeake poyera, manambala ake amasakanizika ndi a kholo. Kumene tingaone bwino zimene Luxottica imachita ndi dzina ikaligula ndi kwa Ray-Ban. Dzina limeneli ndi la mu 1937, magalasi a oyendetsa ndege za nkhondo za America, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 linali litatchipa, unkatha kuwapeza pa madola 19 m'timashopu ta pa filling station ndipo kapangidwe kake kanali katalowa pansi. Luxottica itagula inachita zimene wamalonda wamba angaope kuchita, inachotsa dala magalasiwo m'mashopu pafupifupi 13,000, inatseka mafakitale akale a ku America n'kusamutsira ntchito ku Italy, inakonza kapangidwe, kenako n'kuwabweretsanso m'mashopu apamwamba okhaokha pa mtengo wokwera, ma Aviator anayambira madola 79 mu 2000 ndipo pofika 2009 anali pa 129. Malonda a Ray-Ban anachoka pa mayuro 252 miliyoni mu 2000 kufika oposa 2 biliyoni mu 2014. Kwa eni masheya imeneyi inali nkhani yokoma zedi. Kwa antchito a ku Rochester m'chigawo cha New York kumene magalasiwa ankapangidwira inali nkhani ya misozi, ndipo kwa wogula zinatanthauza kuti magalasi amene bambo ake ankagula ndi ndalama ya m'thumba iye ayenera kuwasungira.

Sindikufuna kunama kuti zonse ndi zoipa, chifukwa Ray-Ban ikanasiyidwa mmene inalili mwina bwenzi pano itafa, ndipo magalasi ake anakhaladi abwino kuposa a nthawi ija. Chimene chimandiwawa ine ndi choti kasitomala akalowa m'shopu amaganiza kuti akusankha pakati pa opikisana, akuyerekeza uyu ndi uyu, chikhalirecho palibe mpikisano weniweni woti ungakokere mtengo pansi. Ndipo kukula sikunalekere pa Oakley. Mu 2018 Luxottica inaphatikizana ndi Essilor ya ku France imene imapanga magalasi enieni a m'maso aja oikidwa m'felemu, masheya ake tsopano ali pa msika wa Paris, mu 2021 inatenganso GrandVision ya ku Netherlands yokhala ndi mashopu zikwizikwi, ndipo mu 2023 inatolera mayuro 25.4 biliyoni. Del Vecchio anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 87, ali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Italy. Opikisana nayo alipo ndithu, Safilo, komanso Kering amene amapanga magalasi a Gucci ndipo anagula Maui Jim mu 2022, koma ndi aang'ono poyerekeza.

Nde inu achimwene pamene mukuyamba kugula masheya, kampani iliyonse imene mwaiyang'ana muzifunsa kaye kuti katundu wake amafika bwanji kwa kasitomala ndipo khomo limenelo ndi la ndani. M'malipoti a pachaka makampani ambiri amalemba ngati pali kasitomala mmodzi amene amatenga gawo lalikulu la malonda awo, Oakley inkalemba poyera za Sunglass Hut zaka zonse zija, kungoti ambiri tsamba limenelo amalidumpha. Ndipo mukamagula kumeneko muzidzera kwa ma broker, aja ogulira ndi kugulitsira anthu masheya, olembetsedwa mwalamulo, osati anthu a pa WhatsApp amene amalonjeza kuchulukitsa ndalama pa sabata imodzi.

FUNSO: Bambo, ine ndine mphunzitsi kuno ku Lilongwe ndipo ndili ndi timasheya pang'ono pa Malawi Stock Exchange tomwe ndinagula ndi ndalama ya chipereganyu. Anzanga ku staff room amati ukangomva mphekesera zoti kampani ikufuna kugulidwa uzithamanga kukagula masheya ake chifukwa mtengo umakwera basi. Kodi ndi zoona? Komanso kampani imene ndili ndi masheya ake itagulidwa, angandikakamize kugulitsa ine ndisakufuna?
Mayi wa ku Lilongwe

YANKHO: Mayi, anzanuwo agwira theka la nkhani. Zoona, kampani yogulidwa sheya yake nthawi zambiri imakwera tsiku la chilengezo, chifukwa wogula amayenera kuika mtengo woposa wa pamsika kuti eni masheya alole. Koma imakwera m'mphindi zochepa chabe n'kukaima pafupi ndi mtengo wolonjezedwawo, nde pamene nkhani ikukufikani inu pa foni kukwerako kwachitika kale, mwatsala ndi nyenyeswa. Ndipo mphekesera zambiri sizikwaniritsidwa, mumagula pamtengo wokwera chifukwa cha manong'onong'o kenako kampani ikutsutsa, sheya n'kubwerera pomwe inali kapena kutsikirapo. Ngati amene wakuuzaniyo akudziwadi zamkati chifukwa amagwira ntchito komweko ndiye ndi zoopsa kwambiri, kugula masheya pogwiritsa ntchito chinsinsi chimene anthu ena sanauzidwe ndi mlandu, kuno kwathu ngakhale kunja.

Ngakhale chilengezo chenicheni si chitsimikizo. Tatengani GrandVision imene ndaitchula pamwambapa. EssilorLuxottica inalengeza mu Julayi 2019 kuti igula pa mayuro 28 sheya iliyonse, kenako kunabwera Covid mashopu n'kutsekedwa, awiriwa anakokerana ku khoti mu 2020, mabungwe oona za mpikisano pa malonda ku Ulaya anatenga nthawi yaitali akuunika ndipo analamula kuti mashopu ena agulitsidwe kaye, mu Juni 2021 oweruza mkanganowo anagamula kuti wogulayo ali ndi ufulu wosiya ngati akufuna, sheya ya GrandVision n'kutsika ndi mantha. Pamapeto pake inagulabe pa mayuro 28.42 mu Julayi 2021. Amene anapirira analandira ndalama yawo, koma anadikira zaka ziwiri zathunthu osadziwa ngati zitheke, ndipo zikanalephereka bwenzi atataya zambiri. Kuno kwathu nakonso kampani sizigulana mwachisawawa, pali Competition and Fair Trading Commission, ndipo ngati malondawo akukhudza maiko angapo a m'chigawo chino nkhani imapita ku bungwe la COMESA loona za mpikisano limene likulu lake lili ku Lilongwe komweko, mabanki ndiye amafunikanso chilolezo cha Reserve Bank.

Za kukakamizidwa kugulitsa, zimatengera kuti chagulidwa n'chiyani. Chitsanzo chapafupi ndi Illovo. Associated British Foods ya ku Britain inagula 51 peresenti ya kampani yaikulu ya Illovo Sugar ya ku South Africa mu 2006, ndiye mu 2016 inagula zotsalazo pa R25 sheya iliyonse, eni masheya ambiri atavomera pa voti onse analipidwa kuphatikizapo amene sanafune ndipo kampaniyo inachoka pa msika wa Johannesburg. Koma Illovo Sugar Malawi ya ku Nchalo ndi Dwangwa ndi kampani ina payokha imene ili pansi pa iyo, nde amene anali ndi masheya ake pa msika wa ku Blantyre palibe anawalanda, anangosintha agogo, masheya ali nawobe ndipo dividendi, gawo la phindu logawidwa kwa eni masheya, ikalengezedwa amalandira. Ndiye yankho ndi loti inde, zimatheka kugulitsitsidwa musakufuna ngati wogula wapeza mavoti okwanira monga mwa lamulo, koma amayenera kukulipirani mtengo wofanana ndi wa ena onse a gulu lanu, sangakupatseni wochepa chifukwa choti ndinu wamng'ono. Mukalandira kalata ya zoterezi musaiponye m'kabati, muiwerenge yonse, muone ngati akukulipirani ndalama kapena akukusinthanitsirani ndi masheya a kampani yogulayo, chifukwa akakupatsani masheya ndiye kuti mukupitirira nawo ulendo, zabwino ndi ngongole zawo zomwe, ndipo pamene simukumva mupite kwa broker amene anakugulirani akufotokozereni, ndi ntchito yake imeneyo.

FUNSO: Akulu, ine ndimagulitsa mashedi pa bolodi mu Limbe, ena olembedwa Ray-Ban ena Oakley, ndimaoda motchipa ndipo sindibisa kwa makasitomala kuti si orijino. Koma pali bambo wina anandikalipira kuti mashedi anga amapha maso, akuti abwino ndi odula okhaokha. Zoona zimenezi?
Venda wa mu Limbe

YANKHO: Achimwene, bamboyo wasakaniza zinthu ziwiri. Chimene chimateteza maso si mtengo kapena dzina la pambali ayi, ndi mphamvu ya galasilo yotchinga cheza cha dzuwa chosaoneka chija chotchedwa UV, ndipo kupanga galasi lotchinga UV si kodula, mashedi otchipa ambiri amatchinga bwinobwino. Ndalama yambiri ya magalasi odula imapita ku dzina, kutsatsa malonda, lendi ya m'ma mall ndi phindu lija takamba pamwambali, ngakhale kuti felemu yake imakhaladi yolimba ndipo galasi lake silipindikiza zinthu.

Koma pali pamene bamboyo akunena zoona ndipo ndikupemphani mumvetsere. Galasi lakuda limene silitchinga UV ndi loipa kuposa kuyenda opanda magalasi, chifukwa diso likakhala mumdima kamwanadiso kamatseguka kwambiri ndiye cheza chija chimalowa chochuluka, ndipo pakapita zaka zimathandizira ng'ala. Kuda kwa galasi sikutanthauza chitetezo. Vuto la katundu wa feki ndi loti amene wanama pa dzina akhozanso kunama pa kasitika kolembedwa UV400 kosonyeza kuti galasilo limatchinga UV, komanso kugulitsa katundu womatidwa dzina la eni ake popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo ngakhale mutamuuza kasitomala, tsiku lina akhoza kukulandani bolodi yonse. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba kuoda mashedi opanda mayina obera koma olembedwa UV400 kuchokera kwa wopikulitsa mmodzi wodalirika, n'kutengako awiri atatu kupita nawo kwa opima maso amene ali ndi kamakina koyezera UV akandiyezere, sizitenga nthawi. Makamaka abale athu achialubino, asodzi a kunyanja, akabaza ndi anthu amene angochitidwa opaleshoni ya ng'ala, amenewo akabwera pa bolodi panu muziwapatsa okhawo amene mwayezetsa, ndipo muziwasankhira aakulu ophimba mpaka m'mbali mwa diso.